Buku lobwera pa basi ya ku Joni

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga kuno ku Mwanza, anabadwa ndi dzanja lojambula. Ali wamng'ono ankadzaza makope ndi malole odikira pa boda. Kenaka anangosiya. Mu 2010, Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza atagamulidwa zaka 14 chifukwa cha chinkhoswe chawo cha ku Blantyre, zithunzi za anthu onga iye zimene mnyamatayu ankaona zinali za unyolo m'manja ndi khamu likukuwiza. A Bingu wa Mutharika anawakhululukira, inde, koma mantha anali atamulowa kale. Anakula ali phee, akuyenda chowerama, akudya nsima ngati mlendo pakhomo pa mayi ake omwe.

Tsono mumuone lero!

Mnzake wina wa geni ya ku Joni anamubweretsera buku lotchedwa Meanwhile, la nkhani zazifupi za makatuni, limene bungwe la GALA la ku Johannesburg linatulutsa mu 2019 kudzera ku MaThoko's Books. Analikonza ndi a Qintu Collab: achinyamata 18 onga iye a ku Botswana, Kenya ndi Zimbabwe, mothandizana ndi akatswiri ojambula. Zowawa sanazibise. Koma chimene bukuli likutsata ndi moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo n'chimene chinamugwira mtima.

Anabwera kwathu akuthamanga, thukuta kamukamu. "Amalume, taonani! Awa ali kunyumba kwawo, sali kukhoti ayi!" Kuseka kumene anaseka tsikulo ndinali nditakuiwala.

Mawa lake anagula mapensulo. Panopa zala zake zimakhala bii ndi inki, ndipo amajambula ngakhale pa katoni. Nkhani yake imene ndimaikonda kwambiri ndi ya anyamata awiri okondana, ogulitsa manachesi, amene akukangana ulendo wonse wa ku Zobue kuti wadya phindu ndani. Mmodzi wakwiya, tsaya tumbi, mnzake akumusendera nachesi. Inetu ndinaseka mpaka misozi. Zobueyo sanaisankhe mwangozi: ili ku Mozambique, kumene kukondana kotere kunasiya kukhala mlandu mu 2015, pamene kwathu kuno khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linasunga lamulo loletsalo mu 2024. N'chifukwa chake dzina lake salilemba pansi pa zithunzi, ndipo zimenezo zimandiwawa.

Koma msana wawongoka, mawu atuluka. Wapeza anzake ojambula ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo akutumizirana masamba pa WhatsApp usiku ndi usana. Akuti akufuna buku lawolawo, la m'Chichewa. Ine ndalonjeza kale kuwagulira mapepala.