Ola lotsekera malo odyera ogulitsa mowa: zomwe kafukufuku wapeza

Malo odyera akapempha chilolezo choti azigulitsa mowa mpaka 1 kapena 2 koloko usiku m'dera lomwe anthu amakhala, nkhaniyo kawirikawiri imaoneka ngati mkangano wa mwini bizinesi ndi anthu oyandikana naye omwe akudandaula za phokoso. Koma kafukufuku wa m'maiko angapo wasonyeza kuti ola lolembedwa pa chiphasocho limakhudzanso chiwerengero cha anthu ovulala omwe amafika kuchipatala usiku. Nkhani ino ikufotokoza zomwe zapezeka, momwe dziko la England limagamulira mapempho otere, ndi mbali yomwe ogwira ntchito zaumoyo angatengepo.

Chomwe chimasintha khitchini ikatsekedwa

Mowa womwedwa pamodzi ndi chakudya umalowa m'magazi pang'onopang'ono, chifukwa chakudyacho chimauchedwetsa kuchoka m'chifu kupita m'matumbo aang'ono, momwe wambiri umayamwidwira. Chiwindi cha munthu wamkulu chimatha kuchotsa magalamu pafupifupi 8 a mowa weniweni pa ola limodzi. Botolo limodzi la mamililita 330, lomwe mphamvu yake ndi 5 peresenti, limakhala ndi magalamu pafupifupi 13. Choncho ngakhale munthu akamamwa botolo limodzi lokha pa ola, mowa umachulukirachulukira m'magazi mwake usiku ukamapita.

N'chifukwa chake maola omalizira ndi omwe amabweretsa mavuto ambiri. Munthu wokhala patebulo 8 koloko madzulo amakhala akudya, ndipo wangoyamba kumwa. Wa 1 koloko usiku chakudya anamaliza kalekale, ndipo mwina wachokera kwina komwe atseka kale. Khitchini ikatsekedwa koma kauntala n'kupitiriza kugulitsa, malowo amagwira ntchito ngati bala ngakhale chikwangwani chake chikunena kuti ndi lesitilanti.

Zomwe zinachitika maola atasinthidwa

Kafukufuku wambiri pa nkhaniyi anachitikira m'mabala ndi m'malo ovinira, ndipo amasonyeza zomwe zimachitika paliponse pomwe mowa ukugulitsidwa mpaka pakati pa usiku.

Mumzinda wa Diadema, pafupi ndi São Paulo ku Brazil, khonsolo inalamula mu Julaye 2002 kuti malo ambiri ogulitsa mowa azitseka 11 koloko usiku. Kafukufuku yemwe anasindikizidwa mu 2007 anapeza kuti lamuloli linachepetsa chiwerengero cha anthu ophedwa ndi pafupifupi 9 pamwezi.

Ku Newcastle, m'dziko la Australia, malo omwera mowa 14 a pakatikati pa mzinda analamulidwa mu Malichi 2008 kuti azitseka cha m'ma 3 koloko m'malo mwa 5 koloko m'mawa, komanso asamalowetse makasitomala atsopano pakati pa usiku. Milandu ya kumenyana usiku inatsika ndi 37 peresenti poyerekeza ndi dera loyandikana nalo la Hamilton, komwe lamuloli silinagwire ntchito.

Ku Norway, akatswiri anaunika mizinda 18 yomwe inasintha maola otsekera pakati pa 2000 ndi 2010. Ola lililonse lowonjezera linkayendera limodzi ndi kukwera kwa milandu ya kumenyana ndi pafupifupi 16 peresenti, ndipo komwe ola linachotsedwa milanduyo inatsika mofananamo. Ku Amsterdam, madera awiri a zisangalalo ataloledwa kutseka mochedwa ndi ola limodzi mu 2009, maulendo a ambulansi okatenga anthu ovulala chifukwa cha mowa pakati pa usiku anakwera ndi 34 peresenti.

Ku England zotsatira zinali zosiyanako. Lamulo la Licensing Act 2003 litayamba kugwira ntchito mu Novembala 2005, maola otsekera omwe kale ankafanana m'dziko lonse anachotsedwa. Chiwawa chonse sichinakwere kwenikweni, koma malo ambiri anangowonjezera mphindi pafupifupi 20 zokha, ndipo gawo lina la chiwawacho linasunthira kumaola a pakati pa 3 ndi 6 koloko m'mawa, nthawi yomwe apolisi ndi anamwino amakhala ochepa.

Mtolo wa anthu oyandikana nawo

M'dera lokhala anthu, ambiri omwe amavutika ndi omwe sanamwe n'komwe. Phokoso lalikulu silichokera m'kati mwa malowo mokha. Limachokera kwa osuta fodya omwe aima panja, kwa anthu otsanzikana pamsewu, ku zitseko za magalimoto ndi ku mabotolo otayidwa m'mabini akatseka. Mu 2009 nthambi ya ku Ulaya ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO inalangiza kuti phokoso la usiku kunja kwa zipinda zogona lisamapitirire madesibelo 40 poliwerengera chaka chonse. Kusokonezedwa tulo kwa nthawi yaitali kumayenderana ndi kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima, ndipo ana, okalamba, odwala ndi ogwira ntchito molawirira ndi omwe amakhudzidwa kwambiri.

Mavuto ena amakaonekera kutali ndi malowo. Woledzera amayendetsa galimoto m'misewu yopapatiza ya m'deralo, ndipo mkangano womwe unayambira patebulo umakathera kunyumba ngati nkhanza za m'banja.

Momwe England imagamulira mapempho

Ku England ndi Wales ziphaso zimaperekedwa ndi khonsolo ya dera. Kugulitsa mowa kumafuna chiphaso, chimodzimodzinso kugulitsa chakudya chotentha pakati pa 11 koloko usiku ndi 5 koloko m'mawa. Wopempha amayenera kumata chidziwitso pamalopo kwa masiku 28, ndipo m'masiku amenewo munthu aliyense angathe kulemba dandaulo. Pakapanda dandaulo lomveka, khonsolo imayenera kupereka chiphasocho monga momwe chapemphedwera. Likakhalapo, kakomiti ka makhansala kamamva mbali zonse.

Dandaulo limamveka pokhapokha likakhudza chimodzi mwa zolinga zinayi za lamuloli: kupewa umbanda ndi chisokonezo, chitetezo cha anthu, kupewa kusowetsa anthu mtendere, ndi kuteteza ana. Umoyo wa anthu mulibe m'ndandandawu, pomwe ku Scotland ndi cholinga chachisanu cha lamulo lawo la 2005. Kuyambira 2012 akuluakulu azaumoyo ku England ali m'gulu la maofesi omwe amayenera kudziwitsidwa za pempho lililonse, koma umboni wawo uyenera kukhudza zolinga zinayi zija. Chiwerengero cha odwala chiwindi m'dziko lonse sichithandiza pa msonkhano wotere. Chomwe chimamveka ndi chiwerengero cha anthu ovulala pa msewu womwewo m'maola omwe akupemphedwawo.

Kakomitiko kangathe kuvomereza, kukana, kapena kuvomereza koma ndi malamulo owonjezera. Pa malo odyera, malamulo odziwika ndi awa: mowa uzigulitsidwa kwa anthu okhala pansi omwe akudya chakudya chenicheni, woperekera aziubweretsa patebulo, matebulo a panja azichotsedwa pa ola loikika, ndipo mabotolo asatayidwe m'mabini usiku. Lamulo loyambalo ndi lomwe limaletsa lesitilanti kusanduka bala. M'madera momwe malo ogulitsa mowa achuluka kale, khonsolo ingathe kulengeza kuti derali ladzaza, ndipo zikatero wopempha watsopano amayenera kusonyeza kuti sawonjezera mavuto.

Mbali ya mwini malo imamvekanso. Malo odyera amalemba anthu ntchito, phindu lawo lalikulu limachokera pa zakumwa, ndipo msewu wokhala ndi magetsi ndi anthu umaopsa pang'ono kusiyana ndi wamdima. N'chifukwa chake chigamulo nthawi zambiri chimagona pa ola lenileni ndi malamulo owonjezerawo.

Umboni umachokera m'kaundula wa chipatala

Dokotala wa opaleshoni ya nkhope ndi nsagwada ku Cardiff, Jonathan Shepherd, anaona kuti anthu ambiri omenyedwa omwe ankafika kuchipatala sankakanena kupolisi, kotero apolisi ndi khonsolo sankadziwa malo enieni omwe chiwawa chinkachitikira. Chipatala chinayamba kufunsa wovulala aliyense malo, tsiku, nthawi ndi chida chomwe anamenyedwa nacho, n'kumapereka ziwerengerozo kwa apolisi ndi khonsolo popanda maina. Kafukufuku wa mu 2011 anapeza kuti anthu ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha chiwawa ku Cardiff anachepa ndi 42 peresenti poyerekeza ndi mizinda ina yofanana nayo.

M'Malawi ziphaso zogulitsira mowa zimaperekedwanso ndi makhonsolo, ndipo dziko lino lili ndi ndondomeko ya zamowa yomwe inakhazikitsidwa mu 2017. Kuchepetsa kapezekedwe ka mowa, kuphatikizapo maola ogulitsira, ndi imodzi mwa njira zisanu zomwe WHO inalimbikitsa maiko mu 2018 m'ndondomeko yake ya SAFER. Njira ya ku Cardiff siifuna makina apamwamba. Namwino kapena dokotala wolandira wovulala usiku angathe kuwonjezera mizere inayi m'kaundula: komwe wavulalira, ola, chomwe chamuvulaza, ndi komwe anamwera komaliza ngati anamwa. Alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka omwe amayendera makomo angathe kulemba masiku ndi maola omwe mabanja akusowa tulo kapena omwe ndewu zikuchitika, popanda kutchula dzina la munthu. Zolembedwazi zikasonkhanitsidwa kwa miyezi ingapo n'kuperekedwa ku ofesi ya zaumoyo ya boma, khonsolo imakhala ndi poyambira ikamaunika pempho la chiphaso chatsopano kapena lowonjezera maola.