LAMYA PA CHIWONGOLERO: KODI CHINDAPUSA NDI MUNDA WA BOMA?

Wolemba Mtolankhani Wathu

Munthu wochoka mu mzinda wa Lilongwe kulowera kummwera akafika pa mphambano ya ku Bunda amapeza njira ziwiri. Akalunjika ndi msewu waukulu wa M1 adutsa pa Nanjiri nafika pa Nathenje. Akakhotera ku dzanja lamanja adutsa pa sukulu ya zaulimi ya Bunda nafika pa msika wa Mitundu. Misewu iwiriyi ndi yosiyana kukula kwake ndi katundu woyendamo, koma woima m'mbali mwa uliwonse kwa ola limodzi adzaona chinthu chimodzimodzi: woyendetsa galimoto dzanja lina lili pa chiwongolero, lina lili kukhutu.

Sitinena kuti anthuwa amachita izi chifukwa cha chibwana. Kwa wamalonda wa ku Mitundu lamya ya m'manja ndiyo ofesi yake. Mwini lole yonyamula soya, mtedza kapena fodya wopita ku okushoni ku Kanengo afuna kudziwa pamene katundu wake wafika. Woyendetsa minibasi amafunsa mnzake amene ali kutsogolo ngati pa siteji pali anthu, ndiponso, tinene zoona, ngati apolisi aima pena pake. Mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amapana lamya ndi phewa, kumbuyo atanyamula mayi ndi mwana. Chiyambire pamene Airtel Money inayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, lamya inasandukanso thumba la ndalama, kotero kuti ikalira munthu amaganiza kuti mwina ndi malipiro alowa.

Malamulo a pamsewu a dziko lino, amene tsinde lake ndi Road Traffic Act ya 1997, amaletsa kuyendetsa galimoto uku ukugwiritsa ntchito lamya ili m'manja, ndipo wogwidwa amalipira chindapusa. Tsono pa masiteji a minibasi pamamveka dandaulo lakuti lamuloli lilipo pofuna kukama anthu, kuti Boma likasowa ndalama limatuma apolisi kumsewu. Dandauloli lafika ndi m'maofesi momwe, ngakhale m'zipinda zopumuliramo aphunzitsi. Nkoyenera kuliyankha mofatsa, pakuti ndi nkhani ya ndalama za anthu onse.

Chimene Lamulo Likuletsa

Tiyambe ndi samu imene mphunzitsi aliyense angathe kulemba pa bolodi. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akaweramira uthenga kwa masekondi 5, galimotoyo yayenda mamita 110, kuposa utali wa bwalo la mpira, popanda woyang'ana kutsogolo. Ngakhale atachepetsa liwiro kufika pa makilomita 50 pa ola polowa pa Nathenje, m'masekondi omwewo adzayenda mamita pafupifupi 70. Amene anafikapo pa Nathenje adziwa zimene zimapezeka m'mamita 70 amenewo: amayi a tomato, ana ochokera ku sukulu, njinga zonyamula matumba, ndi anyamata othamangira basi ndi zogulitsa. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Izi sizongoganizira ayi. Mu 1997 akatswiri awiri, Donald Redelmeier ndi Robert Tibshirani, anafufuza oyendetsa 699 a ku Toronto, m'dziko la Canada, amene anachita ngozi, napeza kuti pa nthawi imene munthu akulankhula pa lamya, mpata wochita ngozi umakula kanayi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limanenanso chiwerengero chomwecho, ndipo limaonjeza kuti ngakhale zipangizo zolankhulira osagwira lamya sizichotsa vutoli kwenikweni, chifukwa chimene chachoka pamsewu ndi maganizo, osati dzanja lokha.

Kumene Ndalama Zimapita

Gawo 172 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula kuti ndalama zotoleredwa m'dzina la Boma zilowe m'thumba limodzi lotchedwa Consolidated Fund, limene ogwira ntchito m'Boma amalidziwa bwino ndi dzina lakuti Account Number One. M'thumba limeneli ndimo mumachokera malipiro a aphunzitsi, mankhwala a m'zipatala ndi choko cha m'makalasi, Nyumba ya Malamulo itavomereza. Chotero nzoona kuti chindapusa cholipidwa moyenera ndi ndalama ya Boma, ndipo palibe chifukwa chobisira.

Koma ndalamayi ndi ya mtundu wachilendo, ndipo tiiona bwino tikaiyerekeza ndi ina yotoleredwa pa msewu womwewo. Wodutsa pa Nathenje kupita ku Dedza amakafika pa chipata cholipiritsa cha Kalinyeke, chimene chinatsegulidwa mu 2022, patangopita miyezi yochepa chitsegulire cha Chingeni mu 2021. Zipatazi amaziyang'anira a Roads Fund Administration, ndipo ndalama zake ndi zosamalira misewu. Pamenepo galimoto zikachuluka, ndalama zimachuluka, ndipo wolemba ndondomeko ya chuma angathe kuziwerengera osachita manyazi, monga mlimi awerengera matumba a m'munda wake. Chindapusa sichitero. Lamulo la lamya likagwira ntchito yake bwino, olakwa amachepa, ndipo ndalama zimachepa nawo limodzi. Tsiku limene oyendetsa onse a pa msewu wa Mitundu adzaika lamya m'thumba, Boma silidzatolera ngakhale tambala imodzi pa mlandu umenewu, ndipo limenelo ndilo lidzakhala tsiku lopambana la lamulolo. Munda wotani umene mwini wake amakondwa ukapanda kubala?

Maiko ena anazindikira zimenezi. Ku Britain analetsa lamya ya m'manja poyendetsa mu December 2003, chindapusa chili mapaundi 30. Anakweza kangapo, kufikira mu March 2017 anaika mapaundi 200 pamodzi ndi mapointi 6 olembedwa pa laisensi. Kwa munthu amene sanathe zaka ziwiri chitengere laisensi, mapointi amenewo ndi okwanira kumlanda laisensiyo. Boma lofuna ndalama chabe silikanachotsa pamsewu munthu amene akanalipiranso mawa. Ku New South Wales, m'dziko la Australia, anaika makamera ogwira olakwa mu December 2019. Miyezi itatu yoyamba ankangotumiza makalata ochenjeza, osalipiritsa, ndipo ndalama zotoleredwa pambuyo pake zimalowa m'thumba losamalira chitetezo cha pamsewu. Mzinda wa Cape Town mu 2012 unayamba kulanda lamya yomweyo.

Pali chinthu china chimene odandaula sachitchula. Chindapusa chimalembedwa m'makwacha, ndipo sichikwera chokha monga mtengo wa sopo. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Chilango chimene chinali choluma tsiku lochikhazikitsa chimafooka chaka ndi chaka, mpaka mwini lole angachione ngati mtengo wamba wa ulendo, monga mafuta. Boma likachikweza, ndi mano a lamulo amene likunola.

Chindapusa Chopanda Lisiti

Ngati pali pamene thumba la Boma limabooka pa nkhani imeneyi, ndi apa. Woyendetsa akagwidwa ndi lamya napempha kuti nkhani ithere pomwepo, ndalama yochepa nkupita m'thumba la munthu, dziko laluza kawiri: Account Number One sinalandire kanthu, ndipo wolakwayo waphunzira kuti lamulo lili ndi mtengo wake wotsika. Apolisi a pamsewu ambiri amagwira ntchito yao mokhulupirika, pa dzuwa ndi pa mvula, ndipo katangale safuna munthu mmodzi. Pamafunika wopereka ndi wolandira. Lamulo la Corrupt Practices Act la 1995 limawaona onse awiri kuti ndi olakwa. Wolipira chindapusa ayenera kufunsa lisiti ya Boma, naisunga. Ndi chodabwitsa ndithu kuti lamya yomwe yabweretsa vutoli ingathandizenso kutseka chibowocho, pakuti ndalama yolipidwa kudzera pa lamya kapena ku banki imasiya phazi. Chiyambire 2015 nthambi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services imasunga za malaisensi ndi galimoto m'makina otchedwa MalTIS, ndipo m'maganizo athu mlandu uliwonse wa lamya uyenera kumalembedwa mmenemo pa dzina la woyendetsa, kuti wobwereza adziwike.

Phindu lenileni la lamuloli ku chuma cha dziko silioneka m'buku la malisiti. Lili m'ndalama zimene Boma silinaononge. Wovulala pa msewu wa Bunda akalephereka pa chipatala cha Mitundu amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital, pa ambulansi ya Boma, ndi mafuta a Boma. Wothyoka ntchafu amagona m'chipatala masabata angapo, ndipo opaleshoni, zitsulo zolumikizira mafupa, magazi ndi chakudya zonse zimatuluka m'thumba lomwe lija. Mu 2023 pa chipatalapo panatsegulidwa nthambi yapadera ya mafupa ndi ubongo yotchedwa LION, chizindikiro cha kukula kwa ntchito yosamalira ovulala. A WHO amawerengera kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka pa dziko lonse, ndi kuti maiko ambiri zimawadyera magawo 3 pa 100 a chuma chimene amapanga. Wofayo akakhala mphunzitsi, Boma lataya zaka zimene linamphunzitsa, kalasi yatsala yopanda mwini, ndipo msonkho umene ankadulidwa mwezi ndi mwezi waima. Zindapusa zingati zingabweze zimenezo?

Mau otsiriza apite kwa awerengi athu a m'maofesi. Galimoto za nambala ya MG nazonso zimayenda pa Nathenje ndi pa Mitundu, ndipo kawirikawiri lamya ya dalaivala wa Boma ikalira ali pa ulendo, woimbayo ndi bwana wake amene akufunsa kuti wafika pati. Dalaivalayo amaopa kusayankha. Mkulu wa ofesi angathe kuthetsa mantha amenewo ndi kalata imodzi yokha, yonena kuti dalaivala ali pamsewu sadzadzudzulidwa chifukwa chosayankha lamya, ndi kuti adzaimba yekha akaimika galimoto pambali. Pakakhala wina wokwera nawo, ameneyo ndiye aziimbiridwa.