Mabuku afika pa ngolo, koma kodi mwana akuwerenga?

M'boma la Nkayi ku Zimbabwe muli laibulale yopanda khoma. Imafika pasukulu pa ngolo yokokedwa ndi abulu, ntchito yomwe bungwe la Rural Libraries and Resources Development Programme lidayambitsa mu 1995. Ku Garissa, m'dziko la Kenya, ngamila zidayamba kusenza mabokosi a mabuku mu 1996. Ku South Africa nako, mabasi omwe adagwirapo ntchito ya laibulale ku Japan amazungulira m'sukulu za pulayimale.

Zithunzi zake zimasangalatsa ndithu. Koma funso la kholo ndi lina: "Nanga mwana wangayu, kuwerengako akukutha?"

Kawirikawiri ofuna kuunika malaibulale oyendayendawa amatumiza mlendo ndi fomu m'manja. Iye amawerengera mabuku omwe abwerekedwa, sukulu zomwe zafikiridwa ndi makilomita omwe galimoto yayenda, basi wapita. Manambala amaoneka bwino mu lipoti, koma sanena ngati bukulo lidatsegulidwa kapena lidangokhala mu kabati ya aphunzitsi aakulu poopa kuti ana aling'amba.

Apa ndi pomwe pamalowera kafukufuku wochitira limodzi, yemwe pa Chingerezi amati participatory action research. Katswiri wa kaganizidwe ka anthu Kurt Lewin adalemba mu 1946 za kafukufuku woyendera limodzi ndi kuchitapo kanthu. Pambuyo pake Paulo Freire wa ku Brazil ndi Orlando Fals Borda wa ku Colombia adalimbikitsa kuti anthu wamba asamangofunsidwa mafunso, koma azikhala eni ake a kafukufukuyo. Akuluakulu adanena kale kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndiye zimayenda bwanji? Aphunzitsi, ana, makolo, woyang'anira mabuku ngakhalenso dalaivala amakhala pansi n'kusankha vuto limodzi. Amagwirizana chochita, n'kuchiyesa, n'kuonetsetsa zotsatira zake, kenako n'kukumananso kuti akambirane. Chikakanika amasintha, n'kuyambiranso.

Tiyerekeze kuti pasukulu ina ana a Sitandade 2 sabwereka mabuku. Mlendo angalembe kuti anawa alibe chidwi. Koma anawo atapatsidwa mpata angaulule kuti galimoto imafika iwo ataweruka kale, kapena kuti mabuku onse ndi a Chingerezi chovuta, palibe la chilankhulo chawo. Mphunzitsi anganene kuti amaopa kulipitsidwa buku likatayika. Dalaivala angafotokoze kuti nthawi ya dzinja mlatho sudutsika, choncho sukulu za kutsidya zimatha miyezi osaona buku. Zonsezi sizipezeka pa fomu.

Gululo lingagwirizane kuti teremu imodzi galimoto izifika m'mawa, ndiponso kuti mayi kapena agogo azisayinira buku lopita kunyumba. Pakutha pa teremu amafunsana: abwereka ndi angati? Mabuku abwerera angati? Ndani angafotokoze nkhani yomwe wawerenga? Yankho likhale lokoma kapena lowawa, ndi lawo, ndipo kusintha sikudikira lipoti lochokera kutauni.

Tisanamizane, njirayi si yophweka. Imadya nthawi, chonsecho mphunzitsi ali kale ndi kalasi yodzaza. Mwana sangadzudzule laibulale pamaso pa aphunzitsi aakulu, ndipo makolo ena amangoyamikira poopa kuti thandizo lingathe. N'chifukwa chake otsogolera anzeru amakumana ndi ana paokha, n'kuwalola kujambula zomwe amakonda ndi zomwe zimawasowetsa mtendere tsiku la laibulale. Amanenanso poyambirira kuti cholinga n'kukonza zinthu, osati kusaka wolakwa. Ndipo opereka ndalama akamva zodandaula koma osasintha kanthu, anthu amagwa ulesi, msonkhano wachiwiri sabweranso.

Kwathu kuno, komwe sukulu zambiri zilibe chipinda cha mabuku, phunziroli likutikhudza. Kaya mabuku amafika pa galimoto, pa njinga kapena m'katoni, komiti ya sukulu ndi gulu la amayi angathe kuyamba popanda katswiri wochokera kutali. Chofunika ndi kope, cholembera ndi mtima womvetsera.

Inunso mungayambe madzulo ano. Mufunseni mwana wanu buku lomaliza lomwe adabwereka, ndipo akufotokozereni nkhani yake. Akangoti zii, musamukalipire. Funsani chifukwa chake, ndipo yankholo mukalitule pamsonkhano wa makolo.