Kusintha Sensa ya Kutentha kwa Utsi pa Galimoto ya Dizilo

Sensa ya kutentha kwa utsi, yomwe amakaniko amaitchula kuti EGT, ndi kachitsulo kotalika ngati chala komwe kamalowetsedwa mu ekizozi n'kumangidwa ndi nati. Kunsonga kwake kuli kachipangizo komva kutentha, ndipo kumbuyo kumatuluka waya wopita ku kompyuta ya injini. Magalimoto amakono a dizilo a mtundu wa SUV amakhala ndi masensa otere awiri, atatu kapena anayi, ondondozana kuchokera pa turbo mpaka kuseri kwa sefa ya mwaye. Sensa ikafa imangosinthidwa, ndipo ntchitoyi imatheka pakhomo. Chovuta n'kuifikira ndi kuimasula popanda kuwononga mazinga a pamene yakhala.

Ntchito ya sensayi

Kuyambira mu 2009, malamulo a Euro 5 atayamba kugwira ntchito, magalimoto atsopano a dizilo ku Ulaya anayamba kutuluka ndi sefa yogwira mwaye, yotchedwa DPF. N'chifukwa chake magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Britain amakhala nayo. Sefayi ikadzaza, kompyuta imawonjezera dizilo kuti utsi utenthe kufika pa madigiri pafupifupi 600, mwayewo upse n'kusanduka phulusa. Kuti moto umenewu usapyole muyeso n'kuwononga sefa kapena turbo, kompyuta imadalira masensa a kutentha.

Imodzi ikasiya kunena zoona, kompyuta imaleka kuwotcha mwaye. Nyale ya injini imayaka pa dashibodi, sefa imapitiriza kudzaza, ndipo pamapeto pake galimoto imachepetsedwa mphamvu moti pachitunda imangokwawa. Kuzengereza kusintha sensa kumatha kuphetsa sefa, yomwe mtengo wake ndi wokwera kwambiri.

Kutsimikiza yomwe yafa

Nyale ya injini siinena chimene chavuta. Pamafunika kamakina kowerengera zolakwika, kolumikizidwa pa soketi ya OBD ya timabowo 16, yomwe nthawi zambiri imakhala kunsi kwa chiwongolero. Nambala za P0544, P0545 ndi P0546 zimaloza sensa yoyamba, ya pafupi kwambiri ndi injini. P242A imaloza yachitatu ndipo P246E yachinayi. Kawerengedwe kake kamatsata njira ya utsi, kuyambira ku injini kupita kumbuyo.

Nambalazo zimanena za njira yonse ya magetsi, osati sensa yokha. Waya wopsa chifukwa chokhudza ekizozi, wodyedwa ndi makoswe, kapena pulagi yolowa madzi, zonsezi zimabweretsa nambala yomweyo. Kuyeza kosavuta kumachitika m'mawa galimoto itagona usiku wonse: pa kamakina kaja masensa onse amayenera kuonetsa kutentha kofanana ndi kwa panja, ndipo yomwe yapatuka kwambiri pa zinzake ndiyo yokayikitsa. Mita yoyezera magetsi imatsimikiza. Masensa ambiri a pulatinamu, otchedwa PT200, amaonetsa ma ohm 200 pa madigiri 0 ndi pafupifupi 220 pa kutentha kwa tsiku wamba, ndipo nambalayo imakwera akamatentha. Alipo ena a mtundu wa NTC omwe nambala yawo imatsika akamatentha. Mitundu iwiriyi siisinthanitsidwa ngakhale mazinga atafanana, choncho sensa yatsopano imagulidwa potsata nambala ya chesisi kapena yolembedwa pa yakaleyo.

Kuifikira

Volkswagen Tiguan ya injini ya 2.0 TDI ndi chitsanzo chabwino cha vuto la malo. Injini yake inagona chopingasa, ndipo turbo ndi sefa ya mwaye zili kuseri, pakati pa injini ndi khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Sensa yoyamba, yomwe kampaniyo imaitcha G235, ili pamene utsi umalowera mu turbo. Potsegula boneti siioneka, ndipo dzanja likalowa pampatapo maso satsatira. Amisiri amaipeza poyambira pa pulagi yake n'kutsata waya mpaka pamene wathera, atanyamula tochi ndi kagalasi ka chogwirira chachitali. Mapulagi a masensawa ali ndi mitundu yosiyana pofuna kupewa kusokoneza.

Nthawi yambiri imathera pa kutsegula njira. Chivundikiro cha pamwamba pa injini, mapaipi a mpweya opita ku turbo, chivundikiro cha kunsi ndi malata otchinga kutentha zimachoka kaye, malinga ndi mbali imene sipanala ilowere. Paipi ya mpweya ikachotsedwa, kukamwa kwa turbo kumatsekedwa ndi nsalu yoyera, chifukwa kanati kamodzi kogweramo n'kokwanira kuswa mapiko ake. Chithunzi cha pa foni chojambulidwa zinthu zisanamasulidwe chimakumbutsa mmene waya anadutsira ndi timapini timene tinamugwira.

Ngati njira ili ya kunsi, galimoto imaimikidwa pamalo athyathyathya, matayala otsala pansi atatsekerezedwa, ndipo imakhazikidwa pa zitsulo zochirikizira zopangidwira ntchitoyo. Galimoto ikakhala pa jeki yokha munthu salowa pansi pake, ndipo njerwa zimaphwanyika mosachenjeza. Injini imazimitsidwa, kiyi amazulidwa, ndipo ekizozi imasiyidwa kuti izizire.

Kumasula yakale

Sensa yomwe yakhala zaka zambiri ikutentha ndi kuzizira imagwirana ndi chitsulo cha ekizozi chifukwa cha dzimbiri. Mankhwala ake ndi mafuta opopera omasulira dzimbiri komanso kudekha. Dothi la m'mphepete mwa nati limapalidwa ndi burashi ya waya, mafutawo amapoperedwa madzulo, n'kubwereza m'mawa. Ena amaliza injini mphindi zochepa kuti chitsulo chifunde pang'ono, popeza chikafunda chimatanuka ndi kumasula mazinga, koma chisatenthe mpaka kuwotcha dzanja.

Pulagi imazulidwa nati isanakhudzidwe. Sipanala yotsegula kukamwa imagwira mbali ziwiri zokha za nati, ndipo ikaterereka imadya makona. Yoyenera ndi soketi yong'ambidwa m'mbali kuti waya adutse, kapena sipanala ya mapaipi yomwe imagwira pafupifupi mbali zonse; pa injini za TDI saizi yofala ndi 17. Ngati sensa yatsopano yafika kale ndipo yayerekezedwa ndi yakale, waya wa yakaleyo akhoza kudulidwa kuti soketi yaitali ya makona 6 ilowe bwinobwino. Pamalo opanikizika amalumikiza ndodo zotalikitsira ndi kachigongono kopindika, koma soketiyo iyenera kukhala chilili pa nati, osapendekeka.

Mphamvu imaikidwa pang'onopang'ono, osati mogwedeza. Nati ikangosuntha, imabwezedwa pang'ono, amapoperanso mafuta, kenaka n'kuimasulanso, uku ndi uku mpaka itafewa. Ikayamba kulimba kwambiri pamene ikutuluka, ndiye kuti mazinga akudyana, ndipo kukakamiza kumawazula. Apa m'pamene ntchito ya pakhomo imathera. Kutenthetsa ndi moto wa gasi pafupi ndi mapaipi a dizilo ndi mawaya, kuboola sensa yothyokera m'kati, kapena kuwotcherera mpando watsopano wa sensa, ndi ntchito za ku galaja, ndipo zina zimafuna kutsitsa turbo yonse.

Kumanga yatsopano

Mazinga a pa ekizozi amapukutidwa kuti achoke mwaye ndi dzimbiri. Masensa ambiri amabwera atapakidwa kale mankhwala oletsa kugwirana. Ngati alibe, amapaka pang'ono girisi wopirira moto pa mazinga pokha, osafika kunsonga. Sensa yomwe yagwa pansi pa simenti siidalirikanso, chifukwa kachipangizo ka m'kati kamasweka msanga.

Nati imayambidwa ndi zala, ndipo iyenera kuzungulira kangapo mosavuta sipanala isanaikidwe. Pamalo osaoneka m'posavuta kuilowetsa chokhota, ndipo sipanala imabisa cholakwikacho mpaka mazinga atatha. Masensa ena ndi opindika, choncho amalozetsedwa mbali yomwe yakale inaloza, kuti thupi lake lisakhudze chitsulo china. Kulimbitsa komaliza kumachitika ndi sipanala yoyeza mphamvu, potsata nambala ya m'buku la galimotoyo. Waya amabwezedwa m'timapini take tonse, kutali ndi ekizozi, osapotoka ndiponso osakokeka. Nsalu ija imachotsedwa pa turbo mapaipi asanabwerere.

Zonse zikamangidwa, nambala za zolakwika zimafufutidwa ndi kamakina kaja, ndipo injini ikalira amaona ngati kutentha kwa sensa yatsopano kukukwera limodzi ndi kwa zinzake. Ulendo wa pafupifupi theka la ola pa msewu waukulu, pa liwiro losasinthasintha, umapatsa kompyuta mpata wowotcha mwaye umene unaunjikana. Pobwerako, injini itazizira, amayang'ana m'mphepete mwa nati: mzere wakuda wa mwaye umasonyeza kuti utsi ukutulukira pamenepo ndipo nati sinakhale bwino. Ngati nyale ya DPF ya pa dashibodi ikuyaka, sefayo yadzaza kupyola pomwe ingadziyeretse pamsewu, ndipo imafunika kuwotchedwa ndi makina a ku galaja kapena kutsitsidwa kuti itsukidwe.