Galimoto Yogwada pa Misewu ya Chipasula

Achinyamata okonda galimoto atengeka masiku ano ndi mchitidwe wozitsitsa kufikira mimba yake itayandikira pansi. Mchitidwewu ndi wofala ku Johannesburg, ndipo zithunzi zake zimafika ku Chipasula kudzera pa Facebook. Za kukongola palibe angatsutse; nkhani yagona pa kayendedwe.

Galimoto zambiri zimakhazikika pa masipuling'i achitsulo, koma zina, monga mabasi akuluakulu, zimakhazikika pa matumba a mphira amene kompulesa imawapopera mpweya. Nzeruyi njakale: Cadillac inaiyesa mu 1957, Range Rover nayonso inaitenga mu 1992. Wophunzira amene akukumbukira lamulo la Boyle la mu 1662 sangadabwe nayo, pakuti mpweya ukapanikizidwa m'malo ochepa umakankha mwamphamvu. Motero thumba limalandira bampu mofewa poyamba, ndi kumalimba pamene likufinyika.

Tsono ena amaganiza kuti kuphwetsa thumbalo kufewetsa ulendo. Ayi ndithu. Kulemera kwa galimoto sikusintha. Chimene chimachepa ndi danga limene gudumu limakweramo likagunda mwala. Danga likatha, chitsulo chimamenya kamphira kotchinga, ndipo mphamvu yonse ya bampu imalowa m'msana mwa wokwera. Mashoko nawonso amagwira ntchito atafupikitsidwa mopyola muyeso wake, magudumu amapendekeka, matayala ndi kumadyeka cham'kati. Mayi wodwala amene akuthamangira naye ku Kamuzu Central ndiye angaweruze bwino mlanduwu.

Pa phula losalala kutsitsa pang'ono kumathandiza: galimoto siyendera mbali kwambiri pokhota. Koma misewu yafumbi ya ku Chipasula ndi Area 23 mvula imaikumba ngalande chaka ndi chaka. Galimoto zazing'ono zochokera ku Japan, zimene zimalowa kudzera ku Dar es Salaam, zimabwera kale zotsika, pafupifupi masentimita 15 kuchokera pansi; n'chifukwa chake eni ake ambiri amapita kwa amakaniki a ku Biwi kukazikweza, poopa kuboola sampu ndi kupha injini.

Wamatumba ali ndi mwayi umodzi umene wodula masipuling'i alibe: akafika pa maenje amapopanso mpweya, galimoto ndi kudzuka. Komabe thumba loyendetsedwa chiphwerere limapindika ndi kukhulika mpaka kung'ambika, ndipo likang'ambika galimoto imagwada pomwepo, ngakhale pakati pa matope a Januwale.