Dambo Ndi Nkhokwe ya Madzi

Kwathu ku Manjawira, m'boma la Ntcheu, timati dambo tikamanena malo otsika, a udzu wambiri koma opanda mitengo, omwe amasunga chinyontho ngakhale m'chilimwe. Liwuli lidalowanso m'Chingerezi, moti akatswiri a za nthaka amalilemba momwemo.

Ndikamayenda m'dambo m'mwezi wa Febuluwale ndimaona zamoyo zochuluka. Achule amaikira mazira m'zithaphwi, akakowa amatsata ng'ombe, ndipo nantchengwa amasaka chakudya m'matope. Pakati pa udzu pamamera maluwa amitundumitundu omwe njuchi ndi agulugufe amadalira.

Chinsinsi cha dambo chili m'dothi. Dothi lake la makande sililola madzi kulowa pansi msanga, ndipo mizu ya udzu imachepetsa liwiro la madzi a mvula. Choncho madziwo amatuluka pang'onopang'ono n'kumathira m'mitsinje ndi m'zitsime mpaka Okutobala. N'chifukwa chake timatha kulima madimba ndi kumwetsa ziweto nthawi ya dzuwa.

Pangano la Ramsar la mu 1971 limateteza malo akuluakulu a chinyontho monga Nyanja ya Chilwa ndi Elephant Marsh, yomwe idalembedwa mu 2017. Koma madambo ang'onoang'ono ngati athuwa amadalira mafumu ndi eni mudzi. Tikalima mpaka pakati pa dambo, kuumba njerwa kapena kutentha udzu chaka ndi chaka, madzi amakumba zigwembe ndipo dambo limauma. Likauma, amayamba kuvutika ndi amayi, chifukwa madzi amakawatunga kutali.