Sekondi imodzi idamupatsa chikho

Mu 2008, mpikisano wa chess wa amayi m'dziko la America udathera m'mkangano. Irina Krush ndi Anna Zatonskih atafanana mphamvu mumzinda wa Tulsa, adawapatsa masewero omaliza olimbirana nthawi. Krush adali ndi mphindi 6, mnzakeyo 4 ndi theka.

Chakumapeto, aliyense ankangosuntha mothamanga. Nthawi ya Krush idatha Zatonskih atatsala ndi sekondi imodzi yokha, ndipo chikho chidapita. Krush adalemba kalata yodandaula kuti mnzakeyo ankasuntha iye asanadine wotchi, koma zotsatira sizidasinthe.

Kodi kupambana kotere n'koyenera? Malamulo a bungwe la FIDE amati amene nthawi yamuthera wagonja, pokhapokha ngati mdani wake alibiretu njira yophera mfumu. Wotchi, tsono, ndi mbali ya masewerowa: wochedwa kuganiza amalipira ndi masekondi ake.

Chovuta chimabwera pamene liwiro la manja laposa nzeru. N'chifukwa chake mipikisano yambiri lero imamuwonjezera wosewera masekondi angapo akangosuntha, njira imene adaitchukitsa katswiri Bobby Fischer.